Mpini wa ndodo ya gofu umene unandikulira

Kwa zaka zitatu ndinkasewera gofu ndi ndodo zosandiyenera, ndipo nthawi yonseyo ndinkaganiza kuti vuto lili m'manja mwanga. Kuno ku Mchinji osewera gofu ndife owerengeka, ndipo tikafuna kusewera timapita ku Lilongwe Golf Club, ulendo wopitirira makilomita 100, kapena timaoloka malire pa Mwami n'kukasewera ku Chipata. Ndodo zatsopano n'zokwera mtengo kwambiri, choncho ambirife timagula zakale, zimene zimafika m'dziko muno ngati momwe kaunjika amafikira. Zanga ndinagula kwa munthu wina ku Lilongwe, ndipo pa mpini uliwonse panali chilembo cha S, chosonyeza kulimba kwa mpiniwo. Wogulitsayo anati zimenezo ndiye za amuna amphamvu, ndipo ine ndinakhutira osafunsanso kanthu.

Mlimi aliyense amadziwa kuti khasu labwino limayambira pa mpini, koma mpini wa ndodo ya gofu uli ndi ntchito ina imene wa khasu ulibe: umapindika ngati nsungwi yaiwisi pamene ndodo ikutsika, kenako umawongoka pa nthawi imene mutu wa ndodoyo ukukumana ndi mpira. Ukawongoka pa nthawi yake, mpira umapita kumene walunjikitsidwa. Ukachedwa kapena kufulumira, mpira umasochera ngakhale womenyayo atachita zonse bwino. Kale mipini inali ya mtengo wa hickory, mpaka bungwe loyang'anira malamulo a gofu la R&A linaloleza yachitsulo mu 1929, ndipo masiku ano kulimba kwake kumasonyezedwa ndi zilembo zisanu: L wofewa kwambiri, kenako A, R, S, ndi X wolimba kuposa yonse. Akatswiri amayang'ana liwiro la mutu wa driver, ndodo yaitali yomenyera mpira kutali. Kawirikawiri R amayenera munthu amene liwiro lake lili pakati pa mamailosi 85 ndi 95 pa ola, S pakati pa 95 ndi 105, pomwe X ndi wa opitirira pamenepo, ndipo A ndi wa osafika pa 85.

Zonsezi ndinazidziwa mochedwa. Amene ananditsegula maso ndi bambo wina wachikulire wonyamula zikwama za osewera, amene anandiperekeza tsiku lina m'mwezi wa June. Anaona mpira wanga ukuuluka chapansipansi n'kumakhotera kumanja, ulendo woyamba, wachiwiri, wachitatu, ndipo pa dzenje lachisanu anatenga driver yanga, anatsamiza mutu wake pansi n'kukanikiza pang'ono ndi chikhatho. “Bambo, mpini uwu wakukulirani,” anatero motsitsa mawu kuti anzanga asamve. “Inuyo mumamenya mofatsa, ndiye simukuupinda.” Anandibwerekera driver ya R kwa mnzanga amene tinali naye. Nditangomenya ndinamva kusiyana m'zala: kunjenjemera kuja kumene kunkafika m'chigongono kunalibe, ndinaumva mutu wa ndodo kulemera kwake pamene unkatsika, ndipo mpira unakwera bwino n'kukagwera pakati pa bwalo.

Makina oyezera liwiro sapezeka wamba kwathu kuno, choncho njira imene ndimaikhulupirira ndi yoyeza mtunda umene mpira wauluka. Apa ndi pamene ambirife timadzinamiza, ndipo ndikufuna kutsindika kwambiri. M'nyengo yachilimwe, makamaka mu October, nthaka imauma gwa, moti mpira ukagwa umagubuduka mayadi 30 kapena 40, ndipo munthu amabwerera kunyumba akunena kuti amamenya mayadi 250. Chofunika si pamene mpira waima ayi, koma pamene wagwera koyamba. Ine ndinapempha bambo uja kuti aime patali chakumbali aziona pogwera, ndinamenya mipira khumi, ndipo yambiri inagwera pafupi ndi mayadi 215. Mtunda umenewo ndi wa R, chifukwa S amafuna munthu amene mpira wake umauluka mayadi 240 kapena kuposerapo usanakhudze pansi. Ndikulangiza kuti musawerengere mpira umodzi umene munaumenya bwino koposa, koma mutenge mtunda umene mipira yambiri yagwera.

Liwiro lokha silikwanira. Pali anthu amene amakweza ndodo mofulumira n'kuitsitsa mwaukali, ndipo otere angafune mpini wolimbirapo ngakhale liwiro lawo litakhala lofanana ndi langa. Mpini ukafewetsa, mpira umakwera m'mwamba mopitirira, umakhotera kumanzere kwa munthu womenya ndi dzanja lamanja, ndipo suchedwa kutengedwa ndi mphepo ya mwera.

Chinanso chimene chimasokoneza ndi chakuti makampani alibe muyeso umodzi, kotero S wa kampani ina akhoza kufanana ndi R wa kampani inzake. N'chifukwa chake sindigulanso ndodo ndisanaimenyetse mpira. Kulemera nakonso n'kofunika: mpini wachitsulo wotchuka wa Dynamic Gold S300 umalemera pafupifupi magalamu 130, pomwe wa driver wopangidwa ndi graphite, chipangizo chopepuka kuposa chitsulo, umakhala pakati pa magalamu 50 ndi 70. Kwa ife amene tapitirira zaka 50, mpini wolemera umatopetsa mapewa, ndipo kutopako kumaonekera pa maenje omalizira, dzuwa litakula. Pogula ndodo zakale ndi bwinonso kuyerekeza kutalika kwake ndi ndodo ina yofanana nayo, popeza mpini umene unadulidwa chakumutu umalimba kuposa momwe chilembo chake chikunenera.

Ndinasintha driver poyamba, ndipo ndodo zina za mitu yachitsulo ndinazisintha patapita chaka, ndalama za soya zitapezeka. Ndodo za S sindinagulitse. Ndinapatsa mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 24 amene amamenya mwamphamvu kwambiri, ndipo m'manja mwake mpini womwe uja umapindika bwinobwino, mpira n'kuuluka mowongoka. Mwezi wathawu tinayezanso ku Chipata, iye ataima patali kuona pogwera, ndipo mipira yanga yambiri inagwera pa mayadi 205. Anandifunsa kuti, “Amalume, mupitiriza ndi R yemweyu?” Ndinamuyankha kuti chaka chino ndipitiriza, koma ndapempha kale mnzanga wa ku Lilongwe kuti akaona driver ya A andisungire ndikaiyese.