Ankaimba manambala, koma "atatu" sankawadziwa

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka zinayi. Ku sukulu ya mkombaphala anamuphunzitsa kuimba "wani, thuu, fili" mpaka twente, ndipo amaimba bwino zedi. Koma tsiku lina ndikuphika ndiwo ndinamutuma kuti anditengere matimati atatu m'lichero, iye n'kubwera nawo asanu ndi limodzi atawakumbatira pachifuwa. Nditamuuza kuti awerenge, pakamwa pankathamanga, chala chikutsalira kumbuyo. Zinandikhudza kwambiri. Nyimbo ankaidziwa, koma kuchuluka kwa zinthu ayi.

Amene anatithandiza ndi bambo anga, ku Ndirande. Iwowo madzulo aliwonse amakhala pa bawo ndi anzawo pansi pa mtengo wa mango. Bawo lenileni lili ndi maenje 32 m'mizere inayi, ndipo malamulo ake ngovuta kwa mwana wotere. Choncho anangokumba timaenje tisanu padothi, n'kumupatsa timiyala.

"Iwe, ponya kamodzikamodzi. Usadumphe dzenje."

"Agogo, katsala kamodzi!"

"Eya, ndiye kuti timiyala tachuluka kuposa maenje. Tachuluka ndi tingati?"

Ndinaima chapatali n'kumaonerera. Mwala umodzi, dzenje limodzi, liwu limodzi. Dzanja ndi pakamwa zinayamba kuyendera limodzi, iye akungoti akusewera ndi agogo ake.

Bambo amawerenga m'Chichewa, ndipo apa m'pamene ndinazindikira chinthu chimene ndakhala ndikuchinena moyo wanga wonse osachiganizira. Ife tikafika pa zisanu timayamba kuphatikiza: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu. Mwana akatambasula dzanja lonse n'kuonjezera zala ziwiri za dzanja linalo, waona kale kuti seveni ndi chiyani. Chilankhulo chathu chimamuphunzitsa kuphatikiza asanagwire n'komwe pensulo. N'chifukwa chake zimandiwawa ndikamva makolo ena akuletsa ana kuwerenga m'Chichewa ati n'zachimidzi.

Kunyumba kwathu ku Chilomoni tsopano timatolera zitsekerero za mabotolo a Fanta ndi Sobo m'kachitini. Pa masanje iye amatsegula okala yake pakhonde, masamba a mpiru ongoyerekezera, mulu uliwonse zitsekerero zitatu. Ine ndimagula, nthawi zina n'kulipira zinayi dala kuti ndione ngati andibwezera chenji. Mandasi akabwera, wogawa ndi iyeyo, ndipo mchimwene wake salola kuti amubere.

Adzayamba Sitandade 1 akadzakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi. M'makalasi ambiri a boma ana amakhala ochuluka moti mphunzitsi, ngakhale atakhala wodzipereka bwanji, sangayang'ane chala cha mwana aliyense. Ntchito imeneyi ndaitenga kukhala yanga.

Loweruka lapitali tili mumsika wa Limbe, anandikoka chitenje n'kuloza pa benchi ya matimati.

"Amayi, tigule mulu uwu. Uwo uli ndi anayi, koma uwu asanu."

Mayi wogulitsa anaseka, n'kumuikira limodzi la basera. Iye anawerenganso kuyambira poyamba, akugwira lililonse ndi chala.