Kulondola mbiri ya dera la Burwood ku Melbourne

Ndamaliza tsopano kulondola mbiri ya dera la phungu la Burwood, kum'mawa kwa mzinda wa Melbourne ku Australia, ndipo mtima wakhala pansi. Amene mukufuna kuchita zomwezi, dziwiranitu kuti ma Burwood alipo awiri. Winayo ali ku Sydney, ndipo nalonso linali dera la phungu mpaka 1988. Mukangolemba dzina lokha pa intaneti, aphungu a mbali ziwirizi amabwera osakanikirana. Muziwonjezera "Victoria", dzina la chigawo chomwe kuli Melbourne, nthawi zonse.

Burwood wa ku Victoria anakhalapo kawiri: kuyambira 1955 mpaka 1967, kenako 1976 mpaka 2022. Zaka za pakatizo musavutike kufunafuna zotsatira, kulibe. Phungu woyamba, Jim MacDonald wa chipani cha Liberal, anakaimira dera la Glen Iris, la Burwood litathetsedwa mu 1967.

Chimene chinandipsetsa mtima ndi mapu. Pa laibulale ina ndinapempha malire a Burwood, ndipo anandiyalira patebulo mapu akuluakulu a madera a nyumba ya malamulo ya dziko lonse, ya ku Canberra. Tsiku linathera pamenepo, chala pamzere, kusaka dzina lomwe pamapuwo silingapezeke. Burwood linali la nyumba ya malamulo ya Victoria, ya mipando 88, basi. Nenani zimenezi momveka asanapite kukatenga mapu. Zotsatira za zisankho za Victoria amasunga ndi a Victorian Electoral Commission, osati a Australian Electoral Commission, pomwe malire amadula ndi bungwe linanso, Electoral Boundaries Commission. Mabungwe atatu, mayina ofanana, ndiye wosatchera khutu amakupatsani zilizonse.

Mapu aliwonse mulembepo chaka. Malire anadulidwanso mu 2001, 2013 ndi 2021, choncho msewu umene unali mu Burwood pa chisankho china ukhoza kukhala kunja pa chotsatira. Mukayerekeza mavoti a zaka zosiyana osayang'ana zimenezi, mudzanena kuti anthu anasintha maganizo pomwe chinasuntha ndi mzere chabe.

Za nyuzipepala ndikanayamba nazo. Trove, nkhokwe yaulere ya National Library of Australia, ili ndi nyuzipepala zakale zambirimbiri, koma zochuluka zimalekeza 1954 chifukwa cha malamulo a umwini wa zolemba. Dera lathuli likuyamba 1955! Nyuzipepala ya ku Melbourne ya The Argus imakufikitsani mu 1957, chaka chomwe inatsekedwa. Zotsalazo ndi za pa microfilm, mipukutu ya zithunzi za nyuzipepala, ku State Library Victoria, mu Swanston Street. Pitani mutalemberatu masiku a zisankho, monga 28 May 1955 ndi 20 March 1976, chifukwa kupukusa mpukutu wa mwezi wonse mosadziwa tsiku kumawawitsa maso.

Chaka cha 1999 chili ndi zisankho ziwiri, musazisokoneze. Jeff Kennett wa Liberal, amene anali phungu wa Burwood kuyambira 1976 ndiponso nduna yaikulu ya Victoria kuyambira 1992, anapambana mpando wake mu September koma boma linapita kwa Steve Bracks wa chipani cha Labor. Kennett anatula pansi udindo, ndipo pa chisankho chachibwereza mu December, Bob Stensholt wa Labor anatenga derali. Kwa ine, pamenepa ndiye pagona nkhani yonse ya Burwood. Stensholt anakhala mpaka 2010, Graham Watt wa Liberal mpaka 2018, kenako Will Fowles wa Labor. Powerenga ziwerengero tengani zomaliza, za opikisana awiri otsala, chifukwa kumeneko ovota amasanja mayina motsatira amene amukonda, ndipo wotsogola poyamba sakhala wopambana nthawi zonse.

Lipoti la malire la 2021 ndilo linathetsa derali. Mbali yaikulu inalowa m'dera latsopano la Ashwood, lomwe Matt Fregon anapambana mu November 2022, pomwe Fowles anakaimira ku Ringwood. Mapu a lipoti limeneli nawonso mulembepo chaka, ndipo muwayale pambali pa a 2013 kuti muone misewu yomwe inapita kwina.