Zingwe zitatu pa Trafalgar Square

Ndinanyamuka ku Leeds kusanache, pa basi yopita ku siteshoni ya Victoria mu London. Mnzanga wa kuntchito ndiye anandikakamiza kuti ndikaone Japan Matsuri, chikondwerero cha anthu a ku Japan chimene chimachitikira pa Trafalgar Square mu London. Nyimbo za kwawoko sindinkazidziwa n'komwe.

Pofika ndinapeza anthu ali piringupiringu, ng'oma za taiko zikugunda mpaka kumveka m'chifuwa. Zinandisangalatsa, koma ng'oma ndinakula nazo, sizinandidabwitse kwenikweni. Chimene chinandiimika malo amodzi ndi bambo wina amene anakhala pampando atanyamula shamisen, choimbira cha zingwe zitatu zokha, cha khosi lalitali ndi kabokosi kokutidwa ndi chikopa. Sachikhwacha ndi zala ngati gitala. Amagwira chinthu chophwatalala chotchedwa bachi, n'kumamenya chingwe ndi chikopa nthawi imodzi, moti umamva nyimbo ndi ng'oma m'dzanja limodzi. Ankayamba mofatsa ngati akung'ung'udza, kenako n'kuthamanga, phaa! phaa! Gulu lonse linangoti zii.

Mayi wina wachijapani amene ndinaima naye pafupi anandiuza kuti kaimbidwe aka ndi ka ku Tsugaru, m'chigawo cha Aomori, kumpoto kwenikweni kwa chilumba cha Honshu, kumene sinowo imakwirira midzi. Anakayambitsa ndi amuna osaona amene ankayenda khomo ndi khomo, kuimba kuti apatsidwe kampunga kapena kandalama. Mayiyo anatchula Takahashi Chikuzan, wobadwa mu 1910. Chikuku chinamuwononga maso ali wakhanda, ndipo anayendayenda m'makomo mwa anthu zaka zambiri asanafike poimba m'maholo. Anamwalira mu 1998 dziko lonse la Japan likumudziwa. Pomwepo maganizo anga anathawira kwa Allan Namoko ndi banjo yake, yemwenso anali wosaona, amene bambo anga ankakweza wailesi akangomumva. Misozi inalengeza, sindibisa.

Madzulo kunabwera mayi wovala kimono kudzaimba min'yo, nyimbo za anthu wamba. Mawu ake anali okwera, onjenjemera, otuluka mwamphamvu ngati akuitana munthu kutsidya la mtsinje. Anaimba Soran Bushi, nyimbo ya asodzi a ku Hokkaido, imene ankalimbikitsana nayo potunga nsomba za herring m'maukonde n'kumazithira m'boti. Iye akatsogolera, ife tinkavomera kuti "dokkoisho, dokkoisho!", Azungu, Amwenye, ife akuda, tonse. Aliyense amene anaonapo asodzi akukoka khoka ku Nkhotakota m'mawa sangafunse tanthauzo lake. Ndi mawu a msana ukamalemedwa.

Chinandipweteka pang'ono n'chakuti ambiri ankangojambula pa foni mphindi imodzi n'kuthamangira pamzere wa zakudya, nyimbo ili pakati. Nyimbo yoti anthu anaipeka ndi njala komanso kuzizira imafuna kuimvetsera mpaka ithe. Woimbayo sanasamale zimenezo, anamaliza, anawerama, n'kuthokoza m'Chingerezi chochepa.

Pobwerera ndinakhala mpando wa kuwindo, n'kufufuza dzina la Chikuzan pa YouTube. Ndinamupeza ali nkhalamba, maso otseka, mutu utapendekera ku choimbira chake ngati akumva chinsinsi. Ndinamumvera mumsewu wonse wa M1, mpaka foni inathera moto titangodutsa Sheffield.