Kabuku ka mwana uja katuluka, takhuta (zikomo) nonse

Katuluka kabuku kathu ka nkhani ya mtsikana amene banja la makolo ake latha. Makope 100, masamba 64 lililonse, ali m'katoni pansi pa tebulo pano ndipo zala zathu zidakali zakuda ndi inki. Amene mwakhala mukutsatira mukudziwa zimene zadutsa pakati apa: laputopu yomwe inafa ndi kutentha kwa Okutobala, mitu iwiri ya nkhani yomwe inapita nayo, ndiponso maliro amene anatiimitsa mwezi wathunthu. Sitibwerezanso zimenezo. Tangoti tithokoze tisanagone, poti tikadikira mawa tiyamba kuiwala ena.

Oyamba ndi Madamu, aphunzitsi athu opuma a ku Bangula, amene atiletsa kuwatchula dzina. Madamu, tamvera, koma cholembera chanu chofiira chija tichitchula. Nkhani yonse anaiwerenga katatu, ali pamphasa pakhonde, magalasi atamangidwa ndi ulusi mbali imodzi.

Mmene tinalembera poyamba, bambo ndi mayi anamukhazika pansi mtsikana wathu wa zaka 12 n'kumufotokozera kuti banja latha. Madamu anadula tsamba lonselo. Kuno mwana sauzidwa. Ankhoswe akafika ana amatumidwa kumjigo kapena kudimba, ndipo nkhani amaimva ndi maso pobwerako. Ndiye mutu woyamba tsopano ukuyamba mtsikanayo akutula chigubu pabwalo, napeza miphika yaikidwa milu iwiri, mphasa imodzi yakulungidwa ndi kumangidwa ndi luzi, mbuzi yaikazi yamangidwa pamtengo wina osati wake wa masiku onse. Palibe akulira. Iye akungowerenga mbale kuti aone mulu umene uli ndi yake yobooka m'mphepete. Njinga yapita ndi bambo, ndipo kuchoka kwa njingayo ndi kumene kukuyendetsa theka la bukuli: kuchigayo ndi wapansi, mlongo wake wamng'ono akadwala malungo ndi kumsana mpaka kuchipatala, kusukulu n'kufika belu litalira kale. Amene mukufuna kulemba nkhani ya mtundu uwu, yambani mwafunsa kuti ndi katundu uti wachoka m'nyumba, chifukwa mwana amavutika ndi chimenecho tsiku ndi tsiku.

Chachiwiri chimene anatikonza ndi mwambo, ndipo apa tikanachita manyazi pagulu. Bambo wa m'nkhaniyi ndi Msena amene anapereka lobola, mayi ndi Mmang'anja. Ife tinangolemba kuti ana anatsata mayi, basi, ngati kuti kwachimuna kulibe pakamwa. Pachisena, chuma chikaperekedwa ana amawerengedwa a kwa bambo. Pachimang'anja ana ndi a mbumba ya mayi, ndipo mwini mawu ndi malume. Banja lotere likatha mbali zonse ziwiri zimadziona kuti zili pa chilungamo, ndipo mwana amamva dzina lake likutchulidwa pabwalo pamodzi ndi mbuzi ndi malata. Madamu anatiyalira ndondomeko yake: nkhani imayamba kwa ankhoswe a mbali zonse, ndipo sakumana kamodzi kokha ayi, amayesa kuyanjanitsa mobwerezabwereza. Akalephera ipita kwa nyakwawa. Kenako, ngati wina walimba mtima ndipo ali ndi ya thiransipoti, kukhoti la majisitireti kuboma. Pakati pa makwerero amenewa pamadutsa miyezi, ndipo m'miyezi imeneyo mwana amagona uku sabata ino, uko sabata yamawa, yunifolomu ili kwina makope ali kwina. Mitu itatu yapakati yakhala pa miyezi imeneyi.

Tithokozenso mlongo wathu amene amathandiza anthu pa nkhani za malamulo, yemwe anawerenga mutu wa kukhoti usiku umodzi n'kutibwezera m'mawa. Anatikumbutsa kuti lamulo la maukwati ndi kutha kwa mabanja la 2015 limazindikira ukwati wa pachikhalidwe, kuti lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limapereka udindo wosamalira mwana kwa makolo onse awiri ngakhale atasiyana, ndiponso kuti chisinthireni malamulo aakulu a dziko mu 2017, aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Khoti limayang'ana chomwe chingamukomere mwanayo, osati kuti lobola anapereka ndani. Tinasiya zimenezi m'kamwa mwa majisitireti m'mizere isanu yokha, chifukwa mtsikana wathu ali panja pansi pa mtengo akuyang'anira mlongo wake ndipo akumva zidutswa chabe. Buku si chikalata cha bungwe.

Tibwerere kwa Madamu. Pali ziganizo zimene anazizunguliza n'kulemba pambali kuti mwana salankhula chonchi. Tinamupatsa mtsikanayo mawu a munthu wamkulu, za kusweka mtima ndi tsogolo lamdima. Wa Sitandade 6 saganiza motero. Amawerenga masiku amene bambo sanabwere chilandirireni malipiro a kodula nzimbe ku Nchalo. Amanama kwa anzake kuti bambo ali ku Joni. Amakwiyira mlongo wake popanda chifukwa, kenako n'kumupatsa mbatata yake. Amaopa kufunsa ndalama ya kope kwa mayi poti waona mmene akugawira ufa. Ndipo akasamukira kwa agogo ake kutsidya la kum'mawa kwa Shire, vuto loyamba si chisoni koma kalata ya transifa imene palibe wamkulu anakumbukira kukatenga, moti akukhala m'kalasi dzina lake lisali m'kaundula, teremu n'kutha. Madamu anaphunzitsa ana otere zaka zambiri, amadziwa pamene amagwera: si pa mayeso a Sitandade 8, koma chaka chimodzi kapena ziwiri mayesowo asanafike, pamene kujomba kwa Lolemba ndi Lachisanu kumasanduka kusiyiratu.

Anatiletsanso kuunjika masoka. Tinali titaika kutha kwa banja, madzi osefukira, njala, ng'ona kugwira malume, ndiponso mwamuna wamkulu wofuna kukwatira mtsikanayo, zonse m'masamba 64. Owerenga amatopa, chifundo chimawathera pa tsoka lachitatu. Ng'ona tinaichotsa. Madzi tinawasiya, poti simungalembe za mwana wa ku Nsanje kapena Chikwawa wa zaka zimenezi osatchula namondwe Ana wa mu Januwale 2022 ndi namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, koma tawapatsa mutu umodzi wokha, ndipo chimene chikumupweteka mtsikanayo kumsasa wa pasukulu si madziwo. Ndi tsiku lolembetsa mayina olandira thandizo, pamene akufunsidwa kuti ali pakhomo la ndani, bambo ali pamzere uwu mayi pamzere uwo. Bambonso tinamuchotsa nyanga. Poyamba anali chilombo chokhachokha. Pano ndi munthu amene amabwera ndi sopo ndi shuga mwezi wina, mwezi wina osaoneka, ndipo mwana amamukondabe, zomwe zimawawa kuposa. Ndipo palibe bwana wa galimoto amene akubwera pa mapeto kudzalipira fizi.

Kwa amayi awiri a ku Makhanga amene anatikonzera mutu wa njala, zikomo. Tinalemba ngati nyika, mizu ya maluwa a m'madzi imene anthu amadya pa njala, imazulidwa ngati chinangwa pamtunda. Anatiseka kaye, kenako anatifotokozera kuti imafufuzidwa m'matope pansi pa madzi m'dambo, munthu atalowa mpaka m'chiuno kapena kupitirira, wina akuyang'anira ng'ona, ndipo ikafika kunyumba mpofunika kuisenda ndi kuiwiritsa, komabe kakuwawa sikatheratu. Ana asanu ndi mmodzi a Fomu 1 amene anawerenga mokweza kuti timve pamene lilime likupunthwa, zikomo. Ndinu munatiuza kuti ziganizo za Chisena za agogo tisazimasulire m'munsi, zimveka zokha. Ambuye akusungeni, mumalize sukulu nonse.

Ambiri mwafunsa za kusindikiza, ndiye nazi, kuti musagwe m'dzenje lathu. Kabuku ka A5 kamachokera pa pepala la A4 lopindidwa pakati, ndipo pepala limodzi limapereka masamba anayi. Choncho chiwerengero cha masamba chizigawika ndi 4: athu 64 ndi mapepala 16. Makope 100 ndi mapepala 1,600, kutanthauza marimu atatu a mapepala 500 ndi ena 100 pamwamba, ndiye gulani anayi, otsalawo adzathera pa zowonongeka. Masamba sayalidwa motsatana. Tsamba 64 limakhala pambali pa tsamba 1, kuseri kwake 2 ndi 63, mpaka pakati pomwe 32 akumana ndi 33. Sindikizani kope limodzi lokha, mulipinde, muliwerenge lonse musanalamule ena 99. Ife tinathamanga, mbali yakuseri inatuluka chadodolido pa makope 20, mapepala 320 n'kupita. Chikuto chikhale cha pepala lolimba, ndipo stepula wamba wa muofesi safika pakati pa A4, pamafunika wamkono wautali. Mapepala 16 akapindidwa amkati amatulukira kunja pang'ono, ndiye m'mphepete mudulidwe mukatha kumanga, osati musanamange. Mapepala musawasiye pansi pa simenti nyengo ya mvula, amayamwa chinyezi n'kumakodwa m'makina. Za laputopu, phunziro lake ndi la mtengo wapatali: sungani nkhani malo awiri tsiku lililonse, pa fulashi ndi pa imelo. Mitu iwiri inatayika ija tinaipezanso chifukwa Madamu anali atasunga mapepala akale ofiira ndi zokonza zawo m'jumbo pansi pa matiresi, ngakhale tinawauza kuti akoleze nawo moto.

Mnyamata wa makina ku Limbe amene anatsala nafe magetsi atabwera usiku, kondakitala amene ananyamula katoni pamiyendo kutsika Thabwa kuti isanyowe, wakabaza amene anakana ndalama atamva kuti ndi mabuku a ana, Mulungu akuonjezereni pamene mwachotsa. Amene munalonjeza rimu imodzi imodzi mu Juni, kenako foni zanu n'kumangoti sizikupezeka, taona kuti netiweki yabwerera lero, poti mauthenga ofuna kope laulere afika. Aulere ndi a malaibulale a sukulu ndi magulu a amayi oyang'anira atsikana m'sukulu. Enanu mugula.

Madamu, kope loyamba ndi lanu, tibwera nalo Loweruka m'mawa dzuwa lisanakwiye. Tikudziwa kuti mulilandira ndi cholembera chofiira m'manja. Pa tsamba 41 pali liwu limene lasowa chilembo chimodzi, taliona kale, musatikalipire.