Lachinayi ku Dedza: chipsera chosaoneka cha mumsana

Mu wodi ya abambo lero tayambira pa mnyamata wa kabaza amene anathyoka msana pamsewu wa M1, pa fupa la T10, la chapakati pa msana. Wakwanitsa masabata atatu chivulalireni. Mayi ake, omwe akumudikirira, afunsa kuti, "Adokotala, fupa mukuti likugwirana, nanga miyendoyi bwanji sikudzuka?"

Fupa ndi mtsempha sizipola mofanana. Mtsempha waukulu wa mumsana ukaphwanyika, magazi amatayikira mkati, pamalopo pamatupa, ndipo maselo oteteza thupi amakhamukirapo n'kumawononga ndi pabwinobwino pomwe. Maselo otchedwa astrocyte amachulukana n'kulukana kuzungulira balalo ngati mpanda wa dimba, ndipo pakatha masabata awiri kapena atatu mpanda umakhala wagwira. Chipsera chake ndi chimenecho. Pamenepo pamachuluka zinthu zotchedwa CSPG, moti timitsempha toduka tikafikapo timatupa kunsonga n'kuima.

Mu 2002, Elizabeth Bradbury ndi anzake ku yunivesite ya King's College London anabaya makoswe ovulala msana mankhwala otchedwa chondroitinase ABC, omwe amadula CSPG. Timitsempha tina tinamera, makoswe n'kumayendako bwino. Koma mankhwalawa amatha mphamvu m'masiku ochepa pa kutentha kwa thupi kwa madigiri 37, ndipo sanavomerezedwe kwa anthu.

Chimene ambiri sachimva ndi mbali inayo. Gulu la Michael Sofroniew ku yunivesite ya UCLA ku America linachotsa maselo opanga chipsera mu mbewa mu 2004: kutupa kunafalikira, bala linakula, kupuwala kunanyanya. Mu 2016 anaonetsanso kuti popanda chipsera timitsempha sitimera ayi. Chipserachi ndicho chimapulumutsa timitsempha totsala, ndipo kuchira kumene timakuona kwa odwala kumadalira kwambiri totsalato.

N'chifukwa chake kuyeza kwa masana kwatilimbitsa mtima. Mnyamata uja titamubaya pang'ono ndi kapini kuzungulira kotulukira chimbudzi, dera la S4 ndi S5, lomwe limalumikizana ndi kunsonga kwenikweni kwa mtsempha wa mumsana, wamva. Ndiye kuti mtsempha sunadukiretu. Kusintha kwakukulu kumabwera m'miyezi 6 yoyamba, choncho nthawi ino si yotaya.

Tawalangiza mayi izi. Kumutembenuza maola awiri alionse, usiku womwe, anthu atatu pamodzi kuti msana usapindike. Mkodzo uzitulutsidwa ndi kachubu koyera maola 4 mpaka 6 alionse, usapitirire mamililita 500, chifukwa chikhodzodzo chikadzadza kwambiri impso zimawonongeka. Mafizo a maondo ndi akakolo tsiku lililonse, mfundo zisaume. Tawapemphanso motsindika kuti asataye ndalama kwa aliyense wolonjeza mankhwala osungunula chipsera, ndipo mphini zisatemedwe pakhungu losamva, poti bala lake limanyeka iye osadziwa.

Madzulo chidendene chakumanzere tachipeza chitafiira, ndipo tikachidina ndi chala sichikuyera. Chilonda chimayamba choncho. Taika pilo pansi pa katumba kuti chidendene chilendewere osakhudza matiresi, tidzachionanso mawa m'mawa.