Kuphunzitsa mayeso a Benedict ndi shuga wa ku Nchalo

Ophunzira a biochemistry amamva msanga akayamba ndi shuga yemwe amathira mu tiyi. Sungunulani galamu imodzi mu 100 ml ya madzi osungunulira a mu labu, osati a pa mjigo, chifukwa mijigo yambiri kuno ku Chikwawa ndi Nsanje ili ndi mchere.

Mu chubu choyamba thirani 2 ml ya madzi a shugawo ndi 2 ml ya Benedict (mankhwala abuluu okhala ndi kopa, oyezera mitundu ina ya shuga), muviike m'madzi owira kwa mphindi 5. Chikhala chabuluu, popeza sucrose, yemwe ndi shuga wa mu tiyiyu, sasintha kopa.

M'chachiwiri yambani ndi madzi a shuga omwewo ndi 1 ml ya asidi wa HCl wosungunula, wiritsani mphindi 3 kuti sucrose agawike kukhala glucose ndi fructose. Chikazizira, thirani sodium bicarbonate pang'onopang'ono mpaka thovu litaleka, kenako thirani Benedict n'kuviikanso m'madzi owira. Apa mpomwe ambiri amalakwitsa. Amathamangira Benedict asidi akadalipo, chonsecho Benedict sagwira ntchito mu asidi. Ochita bwino aona mtundu wofiira ngati njerwa.

Mukafuna kuyezanso madzi a nzimbe, asungeni mu ayezi. Dzuwa la Okutobala kuno silichedwa kuwawasitsa, sucrose n'kuyamba kugawika yekha musanayambe.