Momwe ndinaphatikizira mayeso ndi umboni wa masamu polemba binary search

Ntchito inali yooneka yochepa: kulemba binary search, njira yofufuzira nambala mumndandanda wosanjidwa kale, imene imayang'ana pakati n'kutaya theka limene nambalayo singapezekemo. Ndinayamba ndi mayeso, kuipatsa pulogalamuyo mindandanda yaifupi ndi yaitali, ndipo yonse inadutsa. Komabe mtima sunakhale m'malo, chifukwa mayeso amaona zokhazo zimene munthu waganiza kuwapatsa.

Choncho ndinailembanso m'chinenero cholembera mapulogalamu cha Dafny, chimene Rustan Leino anachiyambitsa ku Microsoft Research, ndipo chimadalira pulogalamu yotchedwa Z3 potsimikiza mwa masamu kuti pulogalamu ikuchita zimene woilemba walonjeza. Nditanena kuti manambala anga ndi a 32-bit, Dafny inakana mzere wakuti mid = (lo + hi) / 2, umene umapeza malo apakati (mid) pa malo oyambira (lo) ndi othera (hi) a chigawo chimene ikufufuzamo, popeza lo ndi hi zikakula, kuziphatikiza kungapyole 2,147,483,647, amene ndi malire a nambala yotere. Vuto lomweli linabisala m'chinenero cha Java kwa zaka zambiri mpaka katswiri wa mapulogalamu Joshua Bloch analiulula mu 2006, ndipo mayeso anga sakanalipeza, chifukwa limaonekera mndandanda ukakhala ndi zinthu zoposa biliyoni imodzi. Ndinalemba lo + (hi - lo) / 2, Dafny n'kuvomera.

Patapita masiku angapo ndinasintha lo <= hi kukhala lo < hi pokonza loop, gawo la pulogalamu limene limabwerezedwabwerezedwa, ndipo Dafny sinadandaule konse. Amene anadandaula ndi mayeso: pofufuza 7 mumndandanda wa nambala imodzi yokha, [7], pulogalamu inabweza -1, kutanthauza kuti sinaipeze. Nditawerenganso mzere wanga wa ensures, umene umanena zimene pulogalamu ikulonjeza, ndinaona kuti ndinangolonjeza kuti malo amene pulogalamu yabweza ali ndi nambala yofunidwayo, koma sindinanene kanthu za nthawi imene yabweza -1. Ndi lonjezo loperewera chotero, ngakhale pulogalamu yongobweza -1 nthawi zonse ikanavomerezedwa. Masamu sanalakwe, chimene ndinawapatsa kuti atsimikize ndicho chinali chosakwanira.

Ndinawonjezera kuti pulogalamu ikabweza -1, ndiye kuti nambalayo mulibe mumndandanda wonse, ndiponso invariant, mfundo yoyenera kukhala yoona nthawi iliyonse loop ikabwerezedwa, yonena kuti nambalayo sili kumanzere kwa lo kapena kumanja kwa hi. Ulendo uno Dafny inakana lo < hi. Nditabwezeretsa <=, umboni unadutsa, ndipo mayeso a [7] nawonso anabweza 0, kutanthauza malo oyamba mumndandanda.